Ulusi Wocokera ku Zikumba ndi Mafupa

Anzanga acinyamata, mumadziwa kuti msuzi wa vimbombo ukazizira umagwirana ndi kumanjenjemera m'mbale. Cimene cimaugwiranitsa ndi kolajeni, puloteni wopezeka m'zikumba, m'mafupa ndi m'mitsempha ya nyama, amene akaphikidwa amasanduka jelatini. Kodi mungakhulupirire kuti anthu akhala akuyesa kupanga nsalu ndi jelatini ameneyu kwa zaka zoposa 100?

M'caka ca 1894, Adam Millar wa ku Glasgow anapota ulusi wa jelatini, naupatsa dzina lakuti Vanduara. Unali wonyezimira ngati silika. Koma ukanyowa unali kufufuma ndi kuduka, ngakhale kuti anali kuukhwimitsa ndi mankhwala a formaldehyde. Ndani angagule malaya oopa mvula ndi sopo? Malonda ace anafa msanga.

Ena anayesa mapuloteni a mtundu wina. Ku Italy, Antonio Ferretti anapanga Lanital ndi mkaka m'caka ca 1935. Kampani ya ICI inapanga Ardil ndi nshawa, inde nshawa zomwe timasinja, pa fakitale ya ku Dumfries kuyambira 1951 mpaka 1957. Nazonso zinali kufooka m'madzi, ndipo nailoni ndi poliyesita, zolimba ndi zochipa, zinalanda msika.

Koma taonani cimene cacitika. Poliyesita ndi pulasitiki, siiwola. Diresi ya salaula ikatha nchito imakhala pa cishala zaka zambirimbiri, nthawi zina n'kutseka ngalande. N'cifukwa cace akatswiri abwerera ku nzeru ya Millar. M'caka ca 2015, Philipp Stössel wa pa yunivesite ya ETH Zurich anapota ulusi ndi jelatini wocokera ku zotsala za nyama zophedwa, ndipo unalukidwa kukhala gulovu. Kuti usasungunuke anafunika kuukhwimitsa ndi mankhwala, kuphatikizapo formaldehyde yemwe uja, ndi kuupaka mafuta a ubweya wa nkhosa.

Apa ndi pamene pagona bvuto, ndipo musanyengedwe ndi otsatsa malonda. Nsalu ya jelatini yowola msanga m'nthaka imafooka msanga pocapa. Mukaikhwimitsa kwambiri kuti ipirire madzi, kuwola kwace kumabvuta, monga mmene cikumba cofufutidwa cimakhalira zaka osawola. Ngakhale ulusi wa Stössel, ukanyowa, unali kuceperabe mphamvu poyerekeza ndi wa ubweya wa nkhosa.