Msonkho umafuna khomo logogoda

Mlongo wanga wa ku Chibavi amagulitsa nsapato ndi zikwama, koma shopu alibe. Katundu amakhala kunsi kwa bedi, zithunzi pa status ya WhatsApp ndi m'magulu a Facebook, ndalama zimalowa pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo wanjinga ndiye amakasiya phukusi ku Katoto kapena ku Luwinga. Mwezi watha munthu wina anafuna mapeyala 12 a antchito a pa ofesi yawo, koma anati azipereka ndalama akaona lisiti la VAT. Mlongo wanga anandiimbira mawu akunjenjemera: "Achimwene, lisiti limenelo ndilitenga kuti ine? Kapena nthawi yonseyi ndakhala ndikubera boma?" Oda ija inapita kwa wina wa shopu m'tauni.

Funso lakelo linandibweza kutali, chifukwa msonkho m'dziko muno wakhala ukulondola chinthu chimene boma lingathe kuchiona ndi kuchiwerenga.

Atsamunda anayamba ndi denga. Mu 1894 boma la Harry Johnston linakhazikitsa msonkho wa nyumba, mashilingi 3 pa chaka. Nyumba sithawa, eti. Patapita zaka zochepa anaukweza, koma amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka. Apa mpomwe mumaona kuti nkhani sinali ndalama yokha: ankafuna manja m'minda ya ku Shire Highlands. Kuno kumpoto zinachedwako. Angoni a M'mbelwa anavomera ulamuliro wa Britain mu 1904 atakumana ndi Alfred Sharpe ku Ekwendeni, pompa apa, ndipo msonkho unayamba kutoleredwa mu 1906. Anyamata ambiri anauyamba wa ku migodi ya Harare ndi Joni kukasaka ndalama imeneyo. Nthawiyo Mzuzu kunalibe. Mzindawu unamera cha m'ma 1947 pozungulira minda ya mitengo ya tung, n'kudzakhala city mu 1985.

Msonkho wa mutu unapitirira mpaka nthawi ya Kamuzu. Funsani agogo anu za amuna amene ankagona kutchire akamva kuti amesenjala ali m'mudzi. Unadzatha m'nyengo ya matipate.

Msonkho wa pa malonda, womwe wavuta mlongo wangawu, unabwera mu 1970 ndi dzina loti surtax. Poyamba boma linkaima pa zipata ziwiri basi: pa fakitale ndi pa boda. Mafakitale anali owerengeka, ambiri ku Blantyre, ndiye kutolera kunali kosavuta. Wogula shuga ku Mzuzu ankalipira osadziwa n'komwe. Mu 2002 surtax anaifikitsa kwa ogulitsa opikulitsa ndi a m'mashopu, ndipo mu 2005 lamulo latsopano linaipatsa dzina loti VAT. Apo n'kuti Malawi Revenue Authority itayamba ntchito mu 2000. Kenako mu 2014 kunabwera timakina ta EFD, totulutsa lisiti uku tikutumiza uthenga ku MRA. Boma linali litafika pa kauntala penipeni.

Ndiye pafika foni, yopanda denga, yopanda kauntala.

Ku America vutoli analithetsa mwa njira yawo. Mu 2018 khoti lalikulu, pa mlandu wa South Dakota ndi Wayfair, linagamula kuti boma la chigawo lingatolere msonkho kwa wogulitsa wa pa intaneti ngakhale alibe shopu m'chigawomo. Zigawo zambiri zinakankhira ntchito yotolerayo kwa eni misika ngati Amazon ndi eBay, poti ndalama imadutsa m'manja mwawo. Kwathu kuno sizingatheke choncho. Facebook imangoonetsa chithunzi, "inbox for price", ndipo zotsalazo zimachitikira pambali. Palibe mwini msika woti n'kumugwira pakhosi.

Tsono boma limapita komwe likuonabe. Choyamba ndi Songwe. Katundu wa ku Kyela ndi wa ku Kariakoo, yemwe wadzaza msika wa Taifa, amalipiridwa duty ndi VAT polowa, ngati wadutsa pa khomo osati pa mtsinje. Chachiwiri ndi foniyo. Mu 2015 a Goodall Gondwe anaika msonkho wa 10 peresenti pa ma SMS ndi intaneti. Mu 2019 a Joseph Mwanamvekha anafuna 1 peresenti pa ndalama zotumiza pa foni, anthu anakuwa mpaka boma linabweza ganizolo. Ine pamenepo ndinakuwa nawo, sindibisa.

Zimene ndinamuyankha mlongo wanga ndi izi. Lamulo la VAT silifunsa ngati uli ndi shopu kapena status, limafunsa kuti umagulitsa zingati pa chaka. Malirewo anakhala nthawi yaitali pa K10 miliyoni, kenako anakwera kufika pa K25 miliyoni, ndipo amasintha ndi bajeti. Ukawapitirira uyenera kulembetsa, kuika VAT pa mtengo, kuchotsapo imene unalipira pogula katundu, n'kupereka yotsalayo ku MRA mwezi ndi mwezi. Ukakhala pansi pa malirewo ndipo sunalembetse, suloledwa n'komwe kulipiritsa VAT. Ndiye iye sanabe. Msonkho wa pa phindu ndi nkhani ina, umenewo umafuna TPIN, ndipo sumusiya chifukwa choti amagulitsira pa foni.

Chimene chimandiwawa ndi china. Iye amalipira VAT pa Songwe, amalipiranso pa bundle iliyonse, koma poti sanalembetse sangabwezeredwe kanthu. Wa shopu uja amachotsa yake, n'kutenganso oda. Mlongo wanga anakhala chete pa foni, kenako anafunsa kuti ofesi ya MRA imatsegula nthawi yanji. Mpaka lero sanapiteko. Akuti akuwerengera kaye mu kope lake ngati maoda a m'maofesi angakwanire kulipira munthu womulembera mabuku.