Big East: ligi ya basketball imene inathyoka cifukwa ca mpila wina

Pa 15 December 2012, masukulu asanu ndi awili a Cikatolika ku America analengeza kuti akucoka m'ligi yochedwa Big East. Anayi mwa iwo anali m'gulu la amene anaiyambitsa zaka 33 m'mbuyomo. Sanacoke cifukwa cogonja pa bwalo kapena kusowa masapota. Anacoka cifukwa ligi imene anaimanga pa basketball inali itayamba kulamulidwa ndi mpila wina, umene iwo analibe nao gawo. Panthawiyo ambili anaona ngati masukulu amenewa adzikumbila okha dzenje. Kuti timvetse cifukwa cake sanagwelemo, tiyenela kubwelela kumene ligiyo inayambila.

Coyamba tifotokozeko mmene zinthu zimayendela kumeneko. Ife tinazolowela ligi ya mpila wa miyendo, kumene timu ikacita bwino imakwela, ikalephela imatsika. Pakati pa mayunivesiti a ku America sizili conco. Masukulu amagwilizana okha n'kupanga magulu amene amawacha conference, ndipo ife m'nkhani ino tiziwachula kuti maligi. Sukulu imalowa m'ligi mwa kuitanidwa, ndipo ingacoke ikafuna, malinga ilipile ndalama yotulukila. Ligi ndiyo imakonza ndandanda ya masewela, imagulitsa masewelawo kwa a TV, n'kugawila mamembala ndalama. Nthawi zambili sukulu imalowa ndi matimu ake onse, a basketball, a liwilo, osambila ndi ena otelo. Komanso tikamati football m'nkhani ino, tikunena mpila wa ku America uja wooneka ngati dzila, umene osewela amavala zipewa zolimba. Ndiwo umabweletsa ndalama zoculuka kuposa masewela ena onse a m'masukulu.

M'zaka za m'ma 1970, masukulu ambili amphamvu pa basketball kumpoto cakum'mawa kwa America anali kusewela paokha, opanda ligi yeniyeni. Dave Gavitt, amene anali kochi komanso mkulu wa zamasewela pa Providence College, anaona mwai. Masukulu amenewa anali m'mizinda ikuluikulu kapena pafupi nayo, kumene kuli anthu mamiliyoni oonelela TV. Mu May 1979 anasonkhanitsa masukulu asanu ndi awili: Providence, St. John's, Georgetown, Syracuse, Seton Hall, Connecticut ndi Boston College. Villanova inalowa mu 1980, Pittsburgh mu 1982. Caka ca 1979 comweco, mu September, kampani ya TV ya ESPN inayamba kuulutsa, ndipo inali kufunafuna masewela odzazila maola ake. Ligi yatsopano ndi TV yatsopano zinakulila pamodzi. Kuyambila mu 1983, mpikisano wotsekela nyengo wa ligiyi unayamba kucitikila ku Madison Square Garden, pakati pa mzinda wa New York.

Apa pali mfundo imene sitiyenela kuiiwala. Big East sinabadwe yodana ndi ndalama. Inabadwila pa TV kucokela tsiku loyamba. Cimene cinaigwilizanitsa cinali cakuti mamembala onse anali kufuna cinthu cimodzi kwa ligiyo, basketball yabwino yosewela ndi anansi ao.

Zipatso zinabwela mofulumila. Mu 1984 Georgetown inatenga cikho ca dziko lonse ca NCAA, motsogoleledwa ndi John Thompson, kochi woyamba wakuda kutenga cikho cimeneci, ndipo pa bwalo inali kudalila Patrick Ewing. Caka cotsatila, pa matimu anayi amene anatsala kumapeto kwa mpikisanowo, atatu anali a Big East: Georgetown, St. John's ndi Villanova. M'mpikisano wa amuna, palibe ligi ina imene inacitapo zimenezi. M'fainolo, Villanova, imene Georgetown inali itaigonjetsa kawili m'nyengo yomweyo, inalowetsa mipila 22 pa 28 imene inaponya, n'kupambana 66–64. Ndi ligi yomweyi imene Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa anachukila, pamene anasewelela Georgetown kucokela mu 1988 mpaka 1991. Makochi anali kukhalitsa pa sukulu imodzi, masapota anali kudziwana ndi adani ao, ndipo masewela a Georgetown ndi Syracuse anali kukambidwa kwa milungu.

Koma mng'alu unalipo kale. Mu 1982 Penn State, sukulu yamphamvu kwambili pa football, inapempha kulowa. Panafunika mavoti asanu ndi limodzi, koma inapeza asanu. Patapita zaka zocepa inalowa ligi ya Big Ten. Ndiyeno mu 1984 Khoti Yaikulu ya ku America inagamula kuti bungwe la NCAA lisamalamulile lokha kugulitsa masewela a football kwa a TV. Kucokela pamenepo maligi ndi masukulu anayamba kudzigulitsila okha, ndipo mtengo wa football unakwela caka ndi caka. Mu Big East munali masukulu atatu okhala ndi matimu akuluakulu a football, Syracuse, Pittsburgh ndi Boston College, ndipo panali mantha akuti maligi ena awatenga. Pofuna kuwasunga, ligi inayambitsa mpikisano wake wa football mu 1991. Inalandila Miami, ndipo Rutgers, Temple, Virginia Tech ndi West Virginia analowa poyamba kudzasewela football cabe. Gavitt anali atacoka kale mu 1990 kukagwila nchito ku Boston Celtics.

Kucokela nthawi imeneyo m'nyumba imodzi munakhala mabanja awili. Masukulu a football anali kuona maligi ena akulemela, n'kumaona kuti anzao a basketball akuwacedwetsa. Masukulu a basketball anali kuona ligi yao ikulandila alendo posankha ndi maso a football. Mu 2003 ligi ya ACC inayamba kukoka mamembala. Miami ndi Virginia Tech anacoka mu 2004, Boston College, mmodzi wa oyambitsa, mu 2005. Big East inatseka mipata mwa kulandila Louisville, Cincinnati ndi South Florida, pamodzi ndi Marquette ndi DePaul, n'kufika pa masukulu 16 a basketball.

Pa bwalo zinaoneka ngati zonse zili bwino. Mu 2009 Syracuse ndi Connecticut anasewela ku Madison Square Garden mpaka usiku pakati, nthawi yoonjezela n'kupatsidwa kasanu ndi kamodzi, Syracuse n'kupambana 127–117. Mu 2011 matimu 11 a Big East analowa mpikisano wa dziko lonse, ndipo Connecticut inatenga cikho. Koma kukula kumeneku kunali ndi mtengo wake. Ndi matimu 16, sizinathekenso kuti aliyense azikumana ndi mnzake kawili pa caka. Adani akale anayamba kuonana kamodzi.

Caka ca 2011 comweco ligi inakana pangano la ESPN la ndalama zopitilila madola biliyoni imodzi, poganiza kuti ikadikila idzapeza zambili. Akuluakulu anati ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Pa 16 September Dave Gavitt anamwalila, ndipo patangopita masiku awili zinalengezedwa kuti Syracuse ndi Pittsburgh akupita ku ACC. West Virginia inapita ku Big 12. M'caka ca 2012 Notre Dame ndi Louisville analengeza zopita ku ACC, Rutgers ku Big Ten. Pofuna kupulumutsa football, ligi inayamba kuitana masukulu kulikonse kumene inawapeza: Houston ndi SMU ku Texas, Memphis, Tulane, ngakhale Boise State ku Idaho ndi San Diego State ku California. Ligi ya dzina la kum'mawa inafika pofuna mamembala ku gombe la kumadzulo. Awili omalizawo anabwelela m'mbuyo asanasewele n'komwe.

Apa ndi pamene masukulu asanu ndi awili aja, Georgetown, St. John's, Seton Hall, Providence, Villanova, Marquette ndi DePaul, ananyamuka. Pokambilana za kusiyana, anasiyila anzao a football gawo lalikulu la ndalama zimene ligi inali itasunga. Iwo anatenga zinthu ziwili, dzina la Big East ndi ufulu wocitila mpikisano wao ku Madison Square Garden. Otsalawo anapanga ligi yochedwa American Athletic Conference. Big East yatsopano inayamba pa 1 July 2013 ndi masukulu khumi, italandila Butler, Xavier ndi Creighton. Inasaina pangano la zaka 12 ndi Fox la madola pafupifupi 500 miliyoni, ndipo mkulu wake anakhala Val Ackerman, amene kale anali pulezidenti woyamba wa ligi ya akazi ya WNBA.

Tikamati ligi ya basketball cabe, sitikutanthauza kuti masukuluwa alibe masewela ena. Ali nao ambili, ndipo Villanova, Georgetown ndi Butler ali ndi matimu a football a m'magawo apansi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa tebulo la ligi palibe amene amavota akuganizila football. Ndi matimu khumi, aliyense anayambanso kukumana ndi mnzake kawili pa nyengo, kamodzi kwao, kamodzi kwa mnzakeyo. Amene wakugonjetsani pa bwalo lake mu January mumamudikila pa bwalo lanu mu February. Ndandanda yotele ndiyo imabala udani wabwino wa masewela, ndipo imapangitsa kuti wopambana ligi asakhale wokaikitsa, popeza onse ayenda njila imodzi.

Amene ananena kuti ligiyi idzazimilika anayankhidwa pa bwalo. Villanova, pansi pa kochi Jay Wright, inatenga cikho ca dziko lonse mu 2016, pamene Kris Jenkins analowetsa mpila nthawi ikutha n'kugonjetsa North Carolina 77–74. Inacitenganso mu 2018. Umboni wina unacokela ku Connecticut. Sukuluyi inatsala ndi gulu la football mu 2013, ndipo inatenga cikho mu 2014 ili komweko. Koma m'zaka zotsatila timu yake ya amuna inafooka, ikuyenda maulendo atali kukasewela ku Texas, Oklahoma ndi Louisiana ndi matimu amene masapota ake analibe nao mbili. Inavomela kulipila madola 17 miliyoni kuti ituluke, inasiya timu yake ya football kuti izisewela yopanda ligi, n'kubwelela ku Big East mu 2020. Pansi pa Dan Hurley inatenga cikho mu 2023, Adama Sanogo wa ku Mali n'kusankhidwa wosewela bwino koposa, ndipo inacitenganso mu 2024. Pa zikho zisanu ndi zitatu zimene zinalimbilanidwa kucokela mu 2016 mpaka 2024, zinayi zinapita ku Big East.

Komabe tisaikometsele nkhaniyi kupitilila. Ligi yatsopanoyi nayonso inatenga mamembala a ena. Butler ndi Xavier anacokela ku Atlantic 10, Creighton ku Missouri Valley, ndipo Creighton ili ku Omaha, Nebraska, kutali ndi kum'mawa. Kukhala m'ligi ya basketball sikucilitsa timu yodwala. Georgetown inaluza masewela ake onse a m'ligi m'nyengo ya 2021–22, DePaul n'kucita cimodzimodzi mu 2023–24. Syracuse sinabwelele, ndipo udani wake ndi Georgetown sunakhalenso ndi moto wakale. Pa ndalama, mpata ndi waukulu. Pangano la TV limene Big Ten inasaina mu 2022 ndi la madola pafupifupi 7 biliyoni pa zaka zisanu ndi ziwili. Zimene Big East inalonjezedwa pa zaka 12, Big Ten imazilandila m'miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi.

Ndalama zimenezo zili ndi zotsatila zake. Mu 2024 ligi yakale ya Pac-12 inatsala ndi masukulu awili cabe. UCLA, USC, Oregon ndi Washington anapita ku Big Ten, Stanford ndi California ku ACC, ligi imene dzina lake limanena za gombe la Atlantic. Wosewela basketball wa ku Los Angeles tsopano angauluke makilomita pafupifupi 4,000 kukasewela ku New Jersey pakati pa mlungu, kenako n'kubwelela m'kalasi. Timu ya football imasewela kamodzi pa mlungu, koma mapu amene inajambula akuyendedwa ndi matimu amene amasewela kawili kapena katatu. Ici ndico cimacititsa okonda basketball ambili kuyang'ana Big East ndi kaduka.

Kutsogolo kwasinthanso. Kucokela mu 2025, malinga ndi cigwilizano cimene khoti inavomeleza, sukulu imaloledwa kugawana ndalama ndi osewela ake, ndipo m'caka coyamba malile ake anali madola pafupifupi 20.5 miliyoni. Masukulu a football amapeleka gawo lalikulu la ndalamazi ku football. Masukulu a Big East angaike zambili pa basketball, koma ayenela kuzipeza okha, popanda thumba la TV limene anzao ali nalo. Kaya zimenezi ziwapatsa mphamvu kapena ziwatopetsa, zidzaoneka m'nyengo zikubwelazi.

Cimene mbili yatisonyeza kale n'cakuti Big East inali yolimba nthawi ziwili, m'zaka za m'ma 1980 ndi pambuyo pa 2013, ndipo nthawi zonse ziwili mamembala ake anali kufuna cinthu cimodzi. M'zaka za pakati inali ndi matimu ambili ndi ndalama zambili, koma aliyense anali kuyang'ana pakhomo. Masukulu asanu ndi awili aja anasankha kukhala ocepa, kuti mu March azikumanabe ku Madison Square Garden ndi anthu amene amawadziwa.