Madamu a Kamuzu ku Malingunde ndi madera owazungulira

Madamu a Kamuzu ali pa mtsinje wa Lilongwe, m'dera la Malingunde kwa mfumu yaikulu Masumbankhunda, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe m'dziko la Malawi. Madamuwa alipo awiri. Loyamba linamangidwa m'chaka cha 1966, ndipo lachiwiri, lomwe lili kumunsi kwake, linamangidwa mu 1989. Bungwe la Lilongwe Water Board ndi limene limawayang'anira.

Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri a Dzalanyama, pamalire a Malawi ndi chigawo cha Tete. Malirewo amatsata msana wa mapiriwa. Mvula ikagwa mbali ya Malawi, ena mwa madzi ake amatsikira mumtsinje wa Lilongwe, kenako wa Linthipe, mpaka m'nyanja ya Malawi. Ikagwa mbali ya Mozambique, amalowera ku Zambezi.

Ntchito ya madamuwa ndi kusunga madzi a m'dzinja. M'chilimwe amawatsegulira pang'onopang'ono, ndipo amayenda mumtsinje momwemo kukafika pamalo owayeretsera mumzinda wa Lilongwe, asanalowe m'mapaipi.

Pafupi ndi madamuwa pali msika wa Malingunde. Msewu wochokera kumeneko kupita m'tauni umadutsa ku Likuni, komwe kuli mishoni ya Katolika ndi chipatala. Chakum'mawa kuli Mitundu, msika waukulu wa mbewu ndi ziweto. Anthu a m'maderawa ndi Achewa, ndipo amalima chimanga, fodya, mtedza, soya ndi ndiwo zamasamba m'madimba. M'dera lomweli muli Msinja, malo a kachisi wakale wa Makewana, kumene makolo ankapempherako mvula.

Vuto lalikulu la madamuwa ndi kutha kwa mitengo m'nkhalango ya Dzalanyama, yomwe inaikidwa pansi pa chitetezo cha boma mu 1922. Makala ambiri ogulitsidwa mumzinda wa Lilongwe akhala akuotchedwa m'nkhalangoyi, moti mu 2015 boma la Malawi linatumizako asilikali kuti akailondere. Phiri likayera, madzi a mvula salowa pansi. Amathamanga ndi dothi, dothilo limakakwirira damu, ndipo mtsinje umaphwa msanga m'chilimwe.

Zomwezi zimachitikanso mbali ya Tete, chifukwa phiri ndi limodzi, ndipo moto wa tchire ukabuka sufunsa malire. N'chifukwa chake alangizi a zaulimi amalimbikitsa kusalima m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kupanga mizere yopingasa pamalo otsetsereka, ndi kusiya zitsa kuti ziphukirenso.