Ojambula Awiri pa Mtsinje wa Zambezi

M'caka ca 1858 Boma la ku Mangalande linatuma Dotolo David Livingstone kukayendera mtsinje wa Zambezi. Pa ulendowo panali anthu awiri okhala ndi makamera. Woyamba anali Charles Livingstone, mng'ono wace wa Dotoloyo, amene anapatsidwa nchito yojambula zithunzi za ulendo wonse. Waciwiri anali John Kirk, sing'anga wa ku Scotland, amene nchito yace inali kusamala odwala ndi kusonkhanitsa zomera. Iye anali kujambula mwa kufuna kwace yekha.

Masiku amenewo filimu kunalibe. Charles anali kujambula pa magalasi, monga mwa njira imene Frederick Scott Archer anailengeza m'caka ca 1851. Wojambula anali kupaka galasi mankhwala omata, naliviika m'madzi a siliva m'kati mwa hema wamdima, kenaka nathamanga nalo ku kamera. Anayenera kujambula ndi kutsuka galasilo lisanaume, ndiko kuti pa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zokha. Njira imeneyi inali kutulutsa zithunzi zooneka bwino koposa, koma cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere. M'cigwa cotentha monga ca ku Tete mankhwala auma msanga, madzi oyera asowa, ndipo magalasi ndi katundu wolemera ndi wosacedwa kusweka. Ndiponso Charles analibe cizolowezi cokwanira pa nchitoyi.

Kirk anasankha njira ina imene ambiri anali atayamba kuisiya, yojambula pa pepala lonyika m'phula la njuci. Pepala lotere munthu akhoza kulikonzeratu ndi mankhwala masiku angapo asanajambule, nalitsuka pambuyo pace atafika pa cigono. Pa pepalapo cithunzi cituluka cotembenuka, zoyera zili zakuda ndi zakuda zili zoyera, ndipo kucokera pa ilo munthu asindikiza zithunzi zina zambiri. Kuipa kwace kunali kwakuti kamera inayenera kukhala yotsegula nthawi yaitali, kotero kuti canthu coyenda sicinali kugwidwa bwino. Ndico cifukwa cace zithunzi zambiri za Kirk ndi za mitengo, nyumba ndi zombo, zinthu zosagwedezeka. Cimodzi ca izo cionetsa manda a Mai Mary Livingstone, amene anamwalira ku Shupanga m'caka ca 1862, naikidwa pafupi ndi mtengo waukulu wa mlambe.

Kirk anadziwa bwino kuwawa kwa kutaya nchito ya manja ace. M'caka ca 1860, pobwerera kucokera ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, bwato lace linagubuduka pa mathithi a Kebrabasa, ndipo zolemba zace ndi zojambula pamanja za zomera zinapita ndi madzi. Iye mwini anapulumuka mwa mwai.

Anthu awiriwa anasiya ulendowo m'caka ca 1863. Magalasi a Charles, amene anali wojambula weniweni wa Boma, anatayika pafupifupi onse. Koma zithunzi za Kirk zinasungidwa bwino, ndipo zina zili ku National Library of Scotland mu mzinda wa Edinburgh. Izo zili pakati pa zithunzi zakale koposa zoonetsa dziko la m'mbali mwa Zambezi.

M'caka ca 1888 George Eastman wa ku America anayamba kugulitsa kamera ya Kodak, yokhala ndi mpukutu wokwana zithunzi 100, ndipo mabvuto a hema ndi magalasi anayamba kutha kwa ojambula wamba. Koma mbiri ya Charles ndi Kirk ikali ndi phunziro kwa yense wogwira kamera. Cipangizo cabwino ndi cimene ciyenerana ndi dziko limene munthu ali kuyendamo, ndipo nchito ya wojambula siithera pa kutsuka cithunzi ai. Ayenera kucisunga pouma ndi pamdima, nalemba dzina la malo ndi caka cace, kuti adzukulu adzadziwe cimene ali kuona.