Cibowo cimene foni inabadwa naco

Ife a ku Kabwe tidziŵa bwino za poizoni wokhala pansi. Mgodi wa Broken Hill unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukali m'dothi la ku Kasanda, Chowa ndi Makululu. Usese pabwalo mpaka tsace lithe, sucoka. Mafoni ali m'matumba mwathuwa nawonso ali ndi dothi lawo.

Tikadina batani loyatsira, Android kapena Windows sindiye ayamba kudzuka. Pali kapulogalamu kobisika, BIOS pa kompyuta, bootrom pa foni, komwe kamauka coyamba n'kuona ngati zotsatira zili ndi cidindo ca kampani. Mlonda ameneyu akapusitsidwa, wakuba aloŵa antivayirasi akali m'tulo.

Nkhaniyi ndi yakale. Pa 26 April 1999, vayirasi ya CIH, yolembedwa ndi wophunzira wa ku Taiwan Chen Ing-hau, inafufuta BIOS m'makompyuta ambiri, makina n'kukaniratu kuyaka. Koma BIOS imeneyo inali yoti n'kulembedwanso.

Za mu September 2019 zinali zina. Munthu wodzicha axi0mX anaulutsa checkm8, njira yoloŵera mu bootrom ya ma iPhone kuyambira 4S kufika X. Bootrom imaumbidwira mu chip kufakitale, ndiye Apple ngakhale itumize ma update angati, cibowoco sicitsekeka. Foni ifa naco. Mwayi wake ngwakuti woloŵayo afunika kugwira foni m'manja n'kulumikiza waya wa USB.

Mwina tinganene kuti za iPhone n'za apamwamba. Koma cibowo cofanana cinapezekanso m'ma chip ambiri a MediaTek, omwe ali m'ma Tecno ndi Infinix oculuka, ndipo pofika 2021 mapulogalamu oloŵera pamenepo anali aulere pa intaneti. Anyamata athu okonza mafoni m'tauni akati "tiiflashe", nthawi zina adutsira pa khomo lomweli. Sitingawanene, pakuti aukitsa mafoni omwe tinawalira kale maliro, ndipo ya foni yatsopano tikanaipeza kuti? Koma waya womwewo umacotsanso loko ya Google pa foni yobedwa pa siteshoni, mawa n'kupezeka pa tebulo ikugulitsidwa ngati salaula.

Manje foniyo ndiye banki yathu: mobile money, zithunzi za NRC, ma WhatsApp a cilimba. Timaisiya kwa wokonza m'mawa, atilembera PIN pa kapepala n'kumata kumbuyo, ife n'kupita kukagula ndiwo.