Zikope zotupa pomwa mankhwala a khansa ya m'magazi

Anthu ambiri amene akumwa imatinib, mankhwala a khansa ya m'magazi yotchedwa CML, amadzuka m'mawa zikope zitatupa, maso atachepa ngati achezera kulira. Dzuwa likamakwera kutupako kumaphwa, mawa lake n'kubwereranso. Madokotala amakutcha periorbital edema. Edema ndi madzi amene adikha m'minofu, ndipo periorbital akutanthauza malo ozungulira diso.

Gwero la madziwo lili m'kagwiridwe ka mankhwalawo. Mu CML, zidutswa za chromosome 9 ndi 22 zimasinthana malo, n'kupanga chimene chimatchedwa Philadelphia chromosome, chomwe Peter Nowell ndi David Hungerford anachiona mu 1960. Apa pamabadwa puloteni ya BCR-ABL, yolamula maselo oyera a magazi kuti aziswana osalekeza. Imatinib, amene analoledwa ku America mu 2001, amatseka puloteni imeneyi. Koma amatsekanso ina yofanana nayo, PDGFR, yothandiza khungu kusunga madzi pamlingo wake. Khungu la chikope ndi lopyapyala ndiponso lotayirira, motero madzi amayambira pamenepo, makamaka usiku mutu ukakhala pansi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mawu amene wodwala amabwerera nawo kunyumba. Akangoti "mankhwalawa sakundiyanja", achibale amamva kuti thupi lawakana, ndipo ena amamuuza kuti awasiye. Kutupa kwa zikope si kukana kwa thupi kumene madokotala amati allergy, komwe kumadza ndi zidzolo zoyabwa, milomo kutupa kapena kubanika. Ndi side effect, vuto lodziwika lobwera pambali mankhwala akugwira bwino ntchito yake. Wosiya kumwa chifukwa cha zikope amapatsa khansa mpata wophukanso.

Si kuti kutupa kulikonse n'kongopirira. Thupi likalemera mofulumira m'masiku ochepa, miyendo n'kutupa kwambiri, kapena munthu akamapuma movutikira, madzi angakhale afika kozungulira mapapo kapena mtima, ndipo kumeneko n'kothamangira kuchipatala. Matenda a impso nawo amatupitsa nkhope m'mawa, n'chifukwa chake madokotala amayeza magazi ndi mkodzo.

Zikakhala zikope zokha, wodwala amalangizidwa kuchepetsa mchere m'ndiwo, kukweza kumutu pogona, ndi kuika kansalu konyowa madzi ozizira pamaso akadzuka. Zikanyanya, dokotala amapereka mapiritsi okodzetsa kapena kusintha mlingo wa imatinib, koma kusinthako kuchitike ndi iyeyo, wodwala asadzichepetsere yekha kunyumba.