Misampha ya pa Chess: Momwe Akale Ankaiphunzirira



Ngati mwangoyamba kumene chess, vuto ili mukulidziwa. Mwasewera bwinobwino, zida zanu mwazitulutsa, mwachita castle, kenako knight ya mnzanu yangodumphira penapake n'kuopseza king ndi queen nthawi imodzi. Gemu yathera pomwepo. Zikachitika kasanu motsatizana, munthu umayamba kuganiza kuti chess ndi ya anthu amitu yapadera, ndipo ena amasiyira apa. Musanasiye, tamvani mbiri iyi. Misampha yotereyi, imene osewera amaitcha matactics, anthu akhala akuiphunzira kwa zaka zoposa 1,000, ndipo njira yake sinasinthe kwenikweni.

Chess inayambira ku India cha m'ma 500, ikutchedwa chaturanga. Kuchoka kumeneko inafika ku Persia, kenako kwa Aluya, amene ankaitcha shatranj. Mumzinda wa Baghdad munali akatswiri otchuka monga al-Adli, amene analemba buku la masewerawa cha m'ma 840, ndi as-Suli amene anabwera pambuyo pake. M'mabuku awo munali zinthu zotchedwa mansubat. Uku kunali kuika zida zingapo pabolodi n'kuuza wophunzira kuti apeze njira yopambanira. Lero timati ma puzzle, eti? Ndi zomwezo basi. Imodzi yotchuka ili ndi nthano yake: akuti kalonga wina anabetcha mkazi wake Dilaram, ndipo gemu itamuipira, mkaziyo anamuuza kuti apereke ma rook ake awiri osati iyeyo. Anaperekadi, n'kupambana. Phunziro lake ndi lakuti chida chachikulu chikhoza kuperekedwa dala ngati mapeto ake ndi checkmate.

Nthawi imeneyo masewerawa ankayenda pang'onopang'ono. Chida chimene lero ndi queen chinkasuntha kabokosi kamodzi kokha mopingasa, ndipo bishopu ankangodumpha mabokosi awiri. Cha m'ma 1475, ku Valencia m'dziko la Spain, malamulo anasintha: queen ndi bishopu anapatsidwa mphamvu zimene ali nazo lero. Kuyambira apo munthu akanatha kuluza m'mamuvu ochepa chabe, ndiye kudziwa misampha kunakhala nkhani yaikulu. Mu 1497 Luis Ramírez de Lucena anasindikiza buku ku Salamanca lokhala ndi ma puzzle 150.

Umodzi mwa misampha ya m'bukulo ukugwirabe anthu mpaka pano. Tengani bolodi muyese wofanana nawo. Zakuda: king pa g8, rook pa a8, queen pa a3, ma pawn pa g7 ndi h7. Zoyera: king pa g1, queen pa e2, knight pa g5. Zoyera ziyambe. Queen ipite pa e6, cheki. King ithawira pa h8. Knight pa f7, cheki. King ibwerera pa g8. Knight pa h6, tsopano cheki ikuchokera ku zida ziwiri, ndiye king iyenera kusuntha basi. Ibwerera pa h8. Apa perekani queen pa g8. King singaidye chifukwa knight ikuiteteza, ndiye rook ndiyo idya. Knight pa f7, checkmate. King yatsekeredwa ndi anthu ake omwe. Ikanathawira pa f8, queen pa f7 ikanamaliza nkhani msanga. Mukausewera katatu kapena kanayi, mudzayamba kuuona patali m'magemu anu.

Tidumphe kufika mu 1858, ku Paris. Paul Morphy, mnyamata wa zaka 21 wochokera ku New Orleans, anasewera ndi Duke wa ku Brunswick ndi Count Isouard, awiriwo akuthandizana, m'nyumba ya zisudzo za opera. Anawamaliza m'mamuvu 17. Anatulutsa zida zake zonse mwachangu, anapanikiza zida za adani ake ndi ma pin kuti zisasunthe, pomaliza anapereka queen pa b8 n'kupha ndi rook pa d8. Aphunzitsi ambiri amayambira gemu imeneyi chifukwa imaonetsa kuti msampha sugwa kuchokera kumwamba. Umabwera zida zako zikakhala panja zikugwira ntchito, za mnzako zikadali mtulo kumbuyo.

Koma kodi akatswiri amaona bwanji zimene ife sitiona? Adriaan de Groot wa ku Netherlands anafufuza funsoli n'kutulutsa zotsatira zake mu 1946. Anapeza kuti akatswiri aakulu sawerengera mamuvu ambiri kwenikweni kuposa osewera ena abwino. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amaona muvu yoyenera msanga. Mu 1973 William Chase ndi Herbert Simon a ku America anapitiriza. Ankaonetsa osewera bolodi kwa masekondi asanu n'kuwauza kuti abwezeretse zida m'malo mwake. Zida zikakhala za m'gemu yeniyeni, katswiri ankakumbukira zambiri kuposa woyamba kumene. Koma zikangomwazidwa chisawawa, kusiyanako kunkachepa kwambiri. Ndiye kuti katswiri alibe ubongo wamatsenga ayi. Ali ndi zithunzi zambirimbiri m'mutu zimene anaziona kale. Zili ngati agogo apabawo amene amangoyang'ana maenje n'kudziwa pamene nkhomo yomaliza igwere.

Bambo wina wa ku Budapest, László Polgár, anakhulupirira zimenezi ndipo anaphunzitsa ana ake aakazi atatu, Susan, Sofia ndi Judit, kuyambira ali aang'ono. Mu 1991 Judit anakhala grandmaster ali ndi zaka 15 ndi miyezi inayi, kuphwanya mbiri ya Bobby Fischer. Buku limene bambo awo anatulutsa mu 1994 lili ndi ma puzzle ndi magemu 5,334, ndipo 306 oyambirira ndi a checkmate ya muvu imodzi yokha. Taonani pamene amayambira: pa zophweka zomwe ambirife timazinyoza.

Nanga inu mutengepo chiyani? Choyamba, patulani mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse za ma puzzle. Kuchita pang'ono tsiku ndi tsiku kumaposa maola atatu Loweruka lokha. Pa Lichess alipo aulere, ndipo bandulo ikavuta, koperani angapo m'kope muzikaika pabolodi. Chachiwiri, yambani ndi mtundu umodzi: sabata ino fork, yamawa pin, kenako checkmate ya mzere wakumbuyo. Chachitatu, musagwire chida musanaone yankho lonse m'mutu, kuphatikizapo muvu yabwino kwambiri imene mnzanu angayankhe. Chachinayi, puzzle imene yakukanikani muibwereze pakapita masiku angapo mpaka muziiona nthawi yomweyo.

Pa gemu yeniyeni, musanasunthe dzifunseni mafunso atatu: pali cheki? Pali choti ndidye? Pali choti ndiopseze? Mukatero dzifunseninso mafunso omwewo m'malo mwa mnzanuyo, chifukwa misampha yambiri imene imatigwira ndi yomwe sitinaiyang'ane n'komwe. Mukaluza, musafulumire kusokoneza bolodi. Bwererani pamene zinalakwika ndipo lembani malo a zidazo m'kope. Imeneyo ndi mansuba yanuyanu.

Ndipo musamati izi ndi za kutali. Amon Simutowe wa kwa aneba athu ku Zambia anakhala grandmaster mu 2009, woyamba kuchokera kum'mwera kwa chipululu cha Sahara.

Ntchito ya sabata ino nayi: ikani msampha wa Lucena uja pabolodi, muusewere mpaka muzitha osayang'ana pepala, kenako muphunzitse mnzanu mmodzi amene sakuudziwa. Tikakumananso tidzaona amene angaumalize mwachangu.